Msewu Wachinayi wa Munirah

Mutu 6

1. Chikhomo chofiira

Munirah anali atatha miyezi isanu ali kwawo ku Kapata, dera lina la mu Chipata. Anachoka ku Lusaka ndi kalata ya ku yunivesite yomutumiza kukazolowera ntchito ku kampani ya a Ackim, yojambula mapulani a malo m'tauni ya Chipata. Digiri yoyamba anali nayo kale. Tsopano ankachita yachiwiri, ija amati masitazi, ya kakonzedwe ka mizinda: msewu udzere pati, msika ukhale pati, madzi a mvula athawire kuti.

Amayi ake, a Mwanaamina, ankagulitsa zitenje pamsika. Aliyense wogula ankamuuza kuti mwana wawo akuphunzira kumanga tauni. Ogulawo ankangovomera. Masiku ano ndani angatsutse munthu amene mwana wake ali ndi mapepala?

Lachisanu lina mu Juni, azibambo atatuluka mumzikiti, pakhomo panafika a Idris, mlongo wawo wa a Mwanaamina. Anali telala wokalamba, wa mwendo wotupa, ndipo Lachisanu lililonse ankadya nkhomaliro kwa mlongo wawo. Tsikulo sanapereke moni. Sanavule nsapato. Anangoponya kamtengo pamphasa, pafupi ndi mbale ya mpunga.

Chinali chikhomo chosongoka, chopaka utoto wofiira kumutu.

"Achimwene, kwagwanji?" anafunsa a Mwanaamina. "Mwalowa ngati akukupirikitsani agalu."

"Agalu ali ndi ulemu, achemwali. Ichi ndachizula m'mawa uno pachifuwa pa amuna anu."

A Mwanaamina anagwetsa chikho cha madzi.

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuti ku Zigafa akhoma zikhomo. Mizere iwiri, yowongoka bwino, kudutsa pakati penipeni pa manda. Chimodzi pa alamu anga a Yunus. China pa amayi athu. Ndafunsa munthu wotema udzu kumeneko, akuti padzera msewu, ndipo mbali zonse agulitsa mapuloti. Mwendowu unandigoneka dzinja lonse, sindinapiteko. Ndangoti lero ndikalimire, n'kupeza zimenezi."

Munirah anatola chikhomocho. Pambali pake panalembedwa ndi utoto wakuda: M4/17.

Kalembedwe ka manambala kotere anakayambitsa ndi iye mwini mu ofesi ya a Ackim. M4 unali Msewu Wachinayi.

"Iwe ndiwe wa sukulu," anatero a Idris akumuloza. "Undipezere munthu amene wachita zimenezi. Ndikufuna ndione nkhope yake. Ndikufuna ndimufunse ngati anabadwa kwa mkazi kapena anatuluka mu kompyuta."

"Ndifunsa, amalume," anayankha Munirah, maso ali pansi.

Mpunga unazizira m'mbale. Palibe anaukhudza.

2. Zimene zinachitika mu Febuluwale

Pulani ya malo amenewo inali ntchito yoyamba ya Munirah, ndipo ndi yomwe ankalembapo buku lake la masitazi. Inali famu yakale ya fodya m'mbali mwa msewu wa ku Chiparamba. Mwini wake watsopano ankafuna kuiduladula mapuloti. Pamapepala famuyo inalibe dzina, inali ndi nambala chabe.

Lamulo la ntchito yawo ndi lakuti wojambula ayambe wayenda ndi miyendo yake malo onsewo, aone zitsime, mitengo, madambo ndi manda, kenako asainire fomu yakuti wayendadi. Tsiku limene Munirah anayenera kupita kunagwa chimvula. Galimoto inatitimira m'matope asanafike pachipata cha famu. A Ackim anaseka n'kumuuza kuti asadzivute, zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba zilipo, ndipo zimaonetsa ngakhale nkhuku.

Pazithunzipo, ngodya ya kum'mawa inali tchire lobiriwira. Munirah anadutsitsapo mzere wowongoka. Anasainira fomu. Akhonsolo anawerenga fomuyo, anaikhulupirira, anadinda pulani.

Manda a Asilamu sawamanga ndi simenti. Ndi mulu wa dothi ndi mwala kumutu, basi. Udzu wa Febuluwale ukakula, ngakhale mbalame siingawaone.

Ndipo panali chinanso. Kwa iwo akazi sapita kumanda. Maliro akanyamulidwa, akazi amatsala pakhomo. Bambo ake atamwalira, Munirah anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anaona azibambo akukhota pangodya ya msewu atanyamula jeneza la maliro, ndipo kuona kwake kunathera pomwepo. Ankangomva kuti bambo ake ali ku Zigafa, kumene agogo ake ochokera ku Malawi ankagwira ntchito ya fodya. Mafamu a zigafa zakugwa ndi ambiri kuzungulira Chipata. Sanafunsepo kuti ndi iti.

Mtsikana wodziwa mapu a mizinda ya kutsidya kwa nyanja sankadziwa pamene anagona bambo ake.

3. Ku Zigafa

Loweruka m'mawa Munirah anapempha amalume ake kuti amuperekeze akaone yekha. Anakwera njinga ziwiri zahayala. Atatsika anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wa a Idris, mpaka anafika pa zigafa ziwiri zopanda denga. Kuseri kwake kunali udzu wouma wofika m'chiuno.

"Ima pomwepo," anatero a Idris. "Usapitirire mtengo wa msukuwo. Mkazi salowa."

Munirah anaima. Kuchokera pamenepo ankaona mitu yofiira ya zikhomo itandandalikidwa m'udzu, mizere iwiri, monga momwe anajambulira.

A Idris analowa okha. Ankaponda mosamala, akupatula udzu ndi ndodo, akutchula mayina mokweza kuti iye amve.

"Awa ndi agogo ako aamuna, a Asmani. Awa ndi agogo ako aakazi. Aka ndi kamwana ka amayi ako kamene kanabadwa iwe usanabadwe, sikanathe sabata. Sanakuuze? Akanakuuza liti, uli kalikiliki ndi mayeso? Awa ndi a shehe amene anakupatsa dzina. Ndipo apa, pamene pali dzenje la chikhomo, ndi bambo ako. Ndinatsikamo ndine m'mandamu. Ndinawagoneka ndine chammbali, nkhope kuloza ku Maka. Onse pamodzi alipo makumi atatu ndi mmodzi."

Munirah anagwira mtengo wa msuku uja.

"Amalume."

"Nena."

"Munthu mukumufunayo ndine. Msewuwu ndinajambula ndine."

A Idris anatembenuka pang'onopang'ono. Anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akuona mlendo. Kenako anatuluka m'udzumo n'kukhala pa njerwa zakugwa za chigafa.

"Unabwera kuno?"

"Ayi. Kunali mvula."

"Ndiye unaona bwanji?"

"Pa zithunzi za kumwamba."

"Za kumwamba!" A Idris anaseka, koma kuseka kwake kunali koopsa kuposa kukalipa. "Khala pansi, mwana wa achemwali, ndikuuze. Ine sukulu ndinalekera giredi foro. Koma munthu akabwera kudzasoketsa buluku, sindimuyeza pa chithunzi. Ndimaimirira, ndi mwendo wangawu, n'kumuzunguliza tepi m'chiuno. Akanditumizira uthenga kuti chiuno changa n'chakuti, ndimakana, chifukwa ndikadula nsalu siibwereranso. Iwe wadula dziko, anthu ali m'kati, osaliyeza.

"Ndawaona anthu a mapepala kuyambira ndili mnyamata. Amabwera ndi galimoto, satsika. Amatsitsa galasi pang'ono, kuloza ndi cholembera, n'kubwerera. Patapita miyezi mumangomva kuti pamene mumagulitsa tomato ndi pa msewu, pamene mumatunga madzi ndi pa munthu. Ukapita kukafunsa amati bwerani mawa. Mawa amati amene anasaina anasamutsidwa. Sindinaonepo mmodzi, ngakhale mmodzi yekha, ataimirira n'kunena kuti ndinalakwa ndine. Sukulu imeneyo imaphunzitsa zonse, koma mawu awiri amenewo mulibe m'mabuku mwawo.

"Pamene unkapita ku Lusaka kachiwiri ndinawauza amayi ako kuti digiri imodzi yakwana, yachiwiriyi imuchotsa maso. Anati ndine wansanje. Anati mwana akadzamaliza adzakonza Kapata yense, ngalande, mipopi, misewu. Ndinati chabwino, tiona. Lero taona. Wayambira kwa bambo ake."

Munirah ankalira mosatulutsa mawu.

"Misozi isunge. Akufa samwa misozi. Ndiuze, chingaimitse msewuwu n'chiyani?"

"Akhonsolo atadziwa kuti fomu ija inali yabodza, angaimitse ntchito kuti pulani ionedwenso."

"Awauze ndani?"

"Amene anasaina."

"Ndiye kuti iwe. Nanga ukawauza, sukulu yako?"

Munirah anayang'ana kumbali.

"Ndadziwa," anatero a Idris akuimirira movutikira. "Supita. Sindikukunyoza, ndikungonena zimene ndaona zaka zonsezi. Ufika pakhomo pa ofesi, uona mipando yofewa, ukumbukira chipewa cha pa tsiku la digiri, ubwerera. Udzadziuza kuti mafupa samva kuwawa. Amayi ako sindiwauza. Ukawauze wekha, ngati uli ndi pakamwa."

Atafika kunyumba Munirah anawauza amayi ake zonse. A Mwanaamina sanakalipe. Anangomufunsa funso limodzi, ngati pamandapo pali mthunzi. Kenako analowa kuchipinda, ndipo tsiku limenelo kumsika sanapite.

4. Mu ofesi ya a Ackim

Lolemba Munirah anafika ku ntchito isanakwane eyiti koloko. Ofesi inali pamwamba pa sitolo ya matayala. A Ackim anali atafika kale, akumwa tiyi ndi chitumbuwa. Anali munthu wonenepa, wansangala, wokonda kutchula antchito ake mayina achipongwe.

"Pulofesa wa ku Kapata! Walawira bwanji lero? Nsikidzi zakuthamangitsa?"

"Bwana, pa Msewu Wachinayi pali manda."

A Ackim anasiya kutafuna.

"Manda a ndani?"

"A anthu makumi atatu ndi mmodzi. Mmodzi ndi bambo anga."

"Mayo ine!" A Ackim anaika kapu pansi. Anadzuka n'kukatseka chitseko. "Pepa, mwana wanga. Pepa kwambiri. Anyamata okhoma zikhomo sananene kanthu. Pali miyala yolembedwa mayina?"

"Ife sitilemba."

"Pali pepala lililonse lonena kuti pamenepo ndi pa manda?"

"Anangopatsidwa ndi pakamwa, kalekale."

A Ackim anapuma mozama, ndipo nkhope yawo inayamba kumasuka. Munirah anaona kumasukako, ndipo kunamuopsa koposa mawu onse a amalume ake.

"Ndiye tamvera," anatero a Ackim. "Pulani inadindidwa. Mapuloti a mbali zonse za msewuwo ali ndi eni ake, aphunzitsi, manesi, anthu amene adikira zaka kuti apeze pomanga. Ukasuntha msewu, mapuloti khumi ndi limodzi afa. Ndikawauza chiyani anthu amenewo? Giledara ikadutsa imangopala pamwamba. Sifika pansi. Bambo ako sakhudzidwa."

"Magalimoto azidutsa pamwamba pawo."

"Tonse tikuyenda pamwamba pa anthu, Munirah. Tauni yonseyi ukuganiza pansi pake pali chiyani?"

"Ndikufuna kulembera akhonsolo kuti sindinayende malowo."

A Ackim anakhala pansi. Nthabwala zinawathera.

"Ndikuuze monga kholo. Watsala ndi miyezi inayi kuti umalize. Ukamaliza, zitseko zonse n'zako. Makhonsolo akusowa anthu a masitazi, maboma atsopano alibe ndi mmodzi yemwe. Ku unduna akufuna anthu. Mabungwe akunja a za madzi ndi nyumba amapatsa galimoto mwezi woyamba. Ukafuna uphunzitsa pa yunivesite, ukafuna utsegula kampani ngati ine. Mtsikana wa ku Kapata, wa mpango kumutu, kukhala mkulu wa mapulani a mzinda! Amayi ako osakhalanso padzuwa ndi zitenje. Zonsezo zili m'manja mwako lero.

"Tsono lemba kalatayo. Buku lako lonse laima pa pulani imeneyi, ndipo mutu wachitatu ukunena kuti unayenda malowo masiku awiri. Ndinawerenga ndine. Ku yunivesite bodza lotere salikhululuka. Bungwe lolembetsa akatswiri a mapulani likamva, dzina lako sililowa m'kaundula. Ndipo usaganize kuti ndidzakuimira. Pa fomupo pali dzina lako, osati langa."

"Munandiuza ndinu kuti ndisapite."

"Ndinakuuza pa pepala liti?"

Munirah anawayang'ana. Munthu yemweyu ndi amene ankamugulira zitumbuwa, amene ankamutcha mwana wake pamaso pa alendo.

Anapita pa tebulo lake. Sanayatse kompyuta. Anang'amba pepala m'kope n'kulemba ndi dzanja. Analemba dzina lake, nambala ya famu, tsiku la mvula lija. Analemba kuti sanatsike m'galimoto, kuti fomu anasaina ndi yabodza, kuti pa ngodya ya kum'mawa pali manda makumi atatu ndi amodzi, ndipo akupempha kuti ntchito iime. Anasaina.

Kenako anaijambula kalatayo ndi foni.

"Ukutumiza kuti?" anafunsa a Ackim ataima kumbuyo kwake.

"Kwa Mayi Vailet, amene akuyang'anira buku langa ku Lusaka. Amve kwa ine, asamve kwa wina."

"Munirah, dikira. Chala chimenecho chikutaya zaka zisanu ndi chimodzi."

Munirah anadina. Foni inalira kamodzi kusonyeza kuti uthenga wapita.

A Ackim anagwira m'chiuno, akupukusa mutu ngati munthu amene waona ngozi ya pamsewu.

"Wadzipha wekha, ndipo wadziphera chabe," anatero. "Kalata ikalowa ku ofesi iliyonse imayamba yadikira kuti aiwerenge. Giledara sidikira. Mwini malo anaiitanitsa kuti iyambe lero, ndipo yanyamuka sikisi koloko. Ayambira ngodya ya kum'mawa chifukwa ndiko kouma."

Munirah anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali hafu pasiti eyiti.

5. Foni

Asanapinde n'komwe kalata ija, foni yake inalira. Anali a Idris. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka chiphokoso cha injini.

"Uli kuti?"

"Ku ofesi, amalume. Ndalemba. Ndatumiza kale ku sukulu."

A Idris anakweza mawu.

"Walemba kuti chiyani?"

"Kuti ndinalakwa ndine."

"Bwerezanso, kuno kuli phokoso."

"Kuti ndinalakwa ndine!"

Anamva nkhalambayo ikutsokomola.

"Chabwino. Tsono tamvera. Ine sindinakukhulupirire, ndiye ndinalawirira kuno ndekha. Chigalimoto chafika. Chagwetsa kale mtengo wa msuku. Ndakhala pansi kutsogolo kwake, koma woyendetsa akuti iye saimira nkhalamba zamisala, andinyamula ngati thumba la makala n'kundiika pambali. Akuti angazimitse injini pokhapokha ataona ndi maso ake munthu amene anajambula pulani, ali ndi pepala m'manja. Wandipatsa mpaka naini koloko."

"Ndikubwera. Ndidzaima pamalire pomwe paja, muwauze adzandipeze."

"Malire ati? Malire awagwetsa. Ukafika usaime, ulowe. Udzaime pa bambo ako penipeni, chitsulochi chidzayambe iwe."

"Amalume, mkazi salowa."

"Zimenezo ndikayankha ndine kwa Mulungu. Iwe thamanga. Ndipo usadzere kunyumba, amayi ako kulibe. Ndikuwaona apo akubwera m'njira ya zigafa, nsapato zili m'manja."

Injini inabangula mwamphamvu. Munirah anamva amalume ake akukuwa kuti, "Iwe! Nthawi siinakwane!" Kenako foni inaduka.

Anaimbanso. Sinalowe.

Anakoka pulani yaikulu imene inali pakhoma mpaka misomali inathothoka, anaipinda pamodzi ndi kalata, n'kutsika masitepe awiriawiri. A Ackim ankamuitana pawindo, koma iye anali kale pakati pa msewu, manja onse m'mwamba, kutsogolo kwa njinga yamoto yahayala imene inkabwera ndi munthu wina kumbuyo.

"Atsike!" anakuwa Munirah. "Chonde atsike, kuli maliro!"